Mutu 9: Chilimwe mu Mzinda wa Blantyre

Mwezi wa Ogasiti ukamapita kumapeto, chiperoni chimasiya kuwomba mu Blantyre. Majuzi ndi mabulangete amabwerera m'masutikesi, ana amayamba kusamba madzi ozizira osalira, ndipo pofika pakati pa Seputembala mitengo ya jakaranda ya m'mbali mwa misewu imakhala itavala maluwa ake apepo masamba asanaphuke. Okutobala akalowa, nyenje zimalira kuyambira m'mamawa, fumbi limakwera, ndipo utsi wa lupsa umaphimba mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru. Chimenechi ndicho chilimwe, ndipo sichichoka mpaka mvula yeniyeni itagwa chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala.

Anthu ambiri a mumzindawu amaitenga nyengoyi ngati yongopirira. M'minibasi moni amasanduka dandaulo: "Koma lero ndiye kwatentha!" Kudandaulako n'komveka, pakuti masana kutentha kumafika madigiri 30 n'kupitirira. Komabe Blantyre ali pamalo okwera, mamita opitirira pang'ono 1,000, choncho dzuwa likangolowa kamphepo kamabwera ndipo tulo timapezeka. Munthu wa ku Nchalo kapena ku Bangula, kumene kutentha kumadutsa madigiri 40, akabwera kuno mu Okutobala amati wafika kozizira.

Ine ndimaona kuti miyezi itatu imeneyi ndiyo yokoma kuposa ina yonse mumzindawu. Misewu ndi youma, masiku ndi otalikirapo, Loweruka lililonse kuli chochitika, ndipo msika umadzaza ndi zinthu zimene sizipezeka nthawi ina. Chimene chimatiphonyetsa zonsezi ndi maganizo oti kusangalala m'chilimwe ndi kupita kunyanja basi, ku Mangochi kapena ku Salima, ulendo wofuna galimoto, malo ogona ndi thumba lolemera. Amene alibe zimenezi amangoti chilimwe ndi cha anzawo. Chonsecho akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zokoma zambiri za nyengoyi zili pamtunda wa minibasi imodzi kapena ziwiri.

Lawirirani kumsika

Msika wa Limbe, wa Blantyre, wa Ndirande kapena wa Chirimba nthawi ya 6 koloko m'mawa ndi wina, wa masana ndi winanso. M'mawa ndi pamene malole ndi mapikapu ochokera kumidzi amatsitsa katundu, amayi a geni akupikula madengu a tomato, masamba akadali onyowa ndi madzi a kudimba. Ikamakwana 11 koloko mpiru umakhala utafota, ngakhale wogulitsa auwaze madzi kangati.

Mlendo amadabwa kuona kuti ndiwo zamasamba zimachuluka pamene mvula kulibe. Chinsinsi chake ndi madimba. Mlimi akamaliza kukolola chimanga mu Epulo ndi Meyi amatsikira kudambo ndi khasu ndi keni yothirira, ena ndi pampu yopalasa ndi miyendo, ndipo zimene adafesa m'nyengo yozizira zimakhwima tsopano. Tomato, repu, chayinizi, anyezi, zitheba, mabilinganya ndi karoti zambiri zimachokera ku Bvumbwe, pamsewu wa ku Thyolo, zina ku Chiradzulu ndi kufupi ndi Lunzu, pamene mbatatesi ndi makabichi akuluakulu zimatsika kuchokera kumapiri ozizira a Ntcheu ndi Dedza, ku Tsangano ndi ku Lizulu. Tomato amadana ndi chinyezi. Mvula ikayamba, masamba ake amagwidwa ndi chiwawu, zipatso zimaolera kumtengo, ndipo mulu umene mumagula mosanenerera mu Seputembala udzakhala wa timatomato titatu mu Febuluwale. Ndiye chilimwe ndi nthawi yodya tomato mosaumira. Kumadimba komweko n'kumene kumachokera chimanga chachiwisi chimene anyamata amaotcha pa mbaula m'mbali mwa msewu madzulo, miyezi inayi dowe wa kumunda asanayambe.

Zipatso nazo zimabwera motsatana, china chikamatha china chikuyamba. Manachesi a ku Mwanza amatsazika chilimwe chikamalowa. Masau a kuchigwa cha Shire amatsala ouma okha, pamodzi ndi malambe ndi bwemba, zimene amayi amaviika n'kupanga chakumwa kapena mafilizesi oti ana agule pochoka kusukulu. Kenaka amafika mavwende, mapapaya ndi mapichesi, ndipo chaka chikamatha zinanazi za ku Mulanje zimaunjikana mpaka kutsika mtengo. Nthochi zokha ndizo zili ndi mbiri yachisoni. Kale Thyolo ankadyetsa mzinda wonse nthochi, koma matenda a chisaka, amene amafalitsidwa ndi nsabwe za mbewu, adapululutsa minda yambiri, moti nthochi zochuluka zimene mumaziona pamsika lero zimachokera ku Tanzania ndi ku Mozambique.

Koma mwini nyengo ndi mango. Oyamba amachokera kotentha, ku Chikwawa, ku Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja, chakumapeto kwa Okutobala. A m'mabwalo a mu Blantyre momwemo amachedwa mpaka Disembala. Ana sadikira. Mango akadali anthete amawathothola ndi miyala, n'kuwadya ndi mchere ndi tsabola, mano ali gwagwagwa, ndipo eni nyumba zamalata amadziwa kuti nyengo yafika pomva miyala ikugwera padenga. Mtengowu udachokera ku India ndi maiko oyandikana nawo, koma udakhazikika kuno mpaka kukhala ndi maina athu: maboloma akuluakulu, domasi, kalisere, waka. Masiku ano kwabwera omezanitsa monga Kent, Keitt ndi Tommy Atkins, opanda ulusi wambiri, osachedwa kubereka, oyenera mpeni ndi mbale. Ndi abwino, ndipo amalonda amawakonda chifukwa saphwanyika m'njira. Koma kwa ine kutsekemera kwenikweni kuli mu timango tating'ono taulusi, timene umatifinya m'manja mpaka kufewa, n'kuboola kunsonga, n'kuyamwa madzi akuyenderera m'zigongono.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mango amapsa onse nthawi imodzi. Mu Disembala amaolera pansi pa mitengo ndi m'ngalande za m'misika, pomwe mu Juni tikugula madzi a zipatso a m'mabokosi ochokera kunja. Kuwasenda, kuwadula n'kuwayanika pathandala loyera sikufuna fakitale, ndipo achali wa mango aawisi amakhala miyezi m'botolo. Pali chikhulupiriro chakuti mango ndiwo amabweretsa matenda otsekula m'mimba. Olakwa si mango ayi, koma ntchentche, manja osasamba ndi madzi oipa, zimene zimachuluka nthawi yomweyo mvula ikamayamba. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene udapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, udatiphunzitsa zimenezi mowawa. Chipatso chilichonse chitsukidwe ndi madzi abwino musanachiike pakamwa, ndipo chodulidula chimene chakhala pamtunda ntchentche zikutera chisiyeni.

Masuku ali ndi nkhani ina. Mango timadzala, koma masuku pafupifupi onse amene mumawaona m'mbale pamsika ndi a m'tchire, a m'nkhalango za mombo. Amayi ndi ana amalawirira m'bandakucha kukatola amene agwa usiku, ena amathyola osapsa n'kuwavundika. Mtengo wa msuku uli paŵiri, waumuna ndi waukazi, ndipo wobereka ndi waukazi wokha. Woduladula akagwetsa umodzi sadziwa kuti wachotsa uti. Tsono taonani njinga zimene zimalowa mumzinda m'mamawa kudzera msewu wa Zalewa, iliyonse itasenza matumba atatu a makala. Makala amenewo akuchokera ku nkhalango zomwezo za ku Neno ndi ku Mwanza kumene kumamera masuku. Ife a m'tauni timagula zonse ziwiri, makala ndi masuku, osaona kuti chimodzi chikudya chinzake.

Za nsomba tinene mwachidule. Kuyambira pa 1 Novembala boma limatseka kwa kanthawi usodzi wa makoka pa nyanja ya Malawi kuti chambo chiswane. Mukapeza kasawala pamsika, ameneyo ndi mwana wa chambo amene sadapatsidwe mpata wokula. Usipa ulipo, utaka ulipo, matemba a ku Chilwa alipo, gulani zimenezo.

Kunenerera ndi mwambo wa pamsika, ndipo wogulitsa amayembekezera. Koma pali malire. Mayi amene wasenza dengu la masamba kuchokera ku Mpemba usiku usanathe phindu lake lonse lili pa timakwacha timene mukulimbirato. Mukamugula kawiri katatu mwaulemu, tsiku lachinayi adzakuitanani kuti "kasitomala wanga", adzakusankhirani yekha tomato wolimba, n'kuikirapo awiri apamwamba.

Loweruka ndi Lamlungu

Chilimwe ndi nyengo ya maukwati, ndipo chifukwa chake n'chosabisika. Mvula kulibe yoti n'kuononga mwambo, achibale akumudzi akolola ndipo agulitsa, misewu yafumbi ikudutsika. Loweruka lililonse mdipiti wa magalimoto ovekedwa maluwa umadutsa mu Masauko Chipembere Highway mahutala akulira, ndipo masana m'maholo a mipingo ndi a sukulu muli pelekanipelekani. Odziwa zinthu amasinthiratu ndalama kukhala zing'onozing'ono kuti avine nthawi yaitali akufupa. Zinkhoswe, kumanga ziliza ndi misonkhano ya misasa ya mpingo wa Seventh-day Adventist zimagweranso m'miyezi yomweyi. Munthu wa abale ambiri sangasowe kopita, ndipo nthawi zina amachita kusankha koti akakhumudwitse.

Okonda mpira nawo zawo zimakhala zitafika pokoma, chifukwa ligi imakhala ikuyandikira kumapeto ndipo pointi iliyonse ndi yowerengeka. Tsiku limene Bullets, timu imene idayamba mu 1967, ikumana ndi Wanderers ya mu 1962 pa Kamuzu Stadium, mzinda umagawika pakati, ofiira uku, abuluu uku, Maule ndi Manoma akutchulana kuti "neba". Masewero amayamba dzuwa likadali pamutu ndipo malo ambiri okhala alibe denga. Chipewa ndi botolo la madzi musaziiwale, makamaka ngati mwatenga mwana.

Zikondwerero zikuluzikulu za nyimbo zimachitikira kunyanja. Lake of Stars idayamba mu 2004 ku Chintheche, ndipo Sand Music Festival adaiyambitsa malemu Lucius Banda mu 2010. Zimenezi zathandiza oimba athu ndipo zimakoka alendo ochokera kunja, koma tikiti, ulendo ndi pogona zimaposa malipiro a pamwezi a anthu ambiri. Mumzinda momwemo muli Blantyre Arts Festival, imene yakhala ikuchitika kuyambira mu 2009, kawirikawiri mu Okutobala, ndipo imasonkhanitsa nyimbo, zisudzo, ndakatulo ndi magule pamalo amodzi. Munthu amatha kukaonera n'kukagona kunyumba kwake.

Ndiye pali chikumbutso cha Evison Matafale ku Chileka. Woimba ameneyu, amene adayambitsa gulu la Black Missionaries, adamwalira pa 27 Novembala 2001, ndipo chaka ndi chaka chakumapeto kwa mwezi umenewu anthu amakhamukira kwawo kukamukumbukira pamodzi ndi oimba ena a m'banjamo amene adatisiya. Polowa salipiritsa. Mumapezako marasta, agogo, ana a sukulu, ogulitsa thobwa ndi kanyenya, onse m'fumbi limodzi kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa. Chileka ndi dera laling'ono, koma ndi kumene kudachokera oimba Daniel ndi Donald Kachamba komanso Robert Fumulani, ndipo amene akufuna kumvetsa kumene nyimbo za Blantyre zidaphukira ayenera kukapondako.

Mu Okutobala momwemo Alhomwe amasonkhana kwa Chonde, m'boma la Mulanje, pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Si m'tauni, koma m'mawa wa tsikulo malole ndi maminibasi odzaza amanyamuka ku Bangwe, ku Ndirande ndi ku Machinjiri, chifukwa anthu ochuluka a mumzindawu kwawo ndi ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Ngakhale simuli Mlhomwe, pitani mukaone tchopa, gule amene bungwe la UNESCO lidamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi mu 2014. Mukalawenso kalongonda, nyemba zimene zimafuna kuphikidwa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo kuti ululu wake uchoke, komanso makaka ndi nandolo. Andale amakonda kufikako ndipo zolankhula zimatalika, koma ng'oma zikayamba anthu amaiwala zonsezo.

Pa 15 Okutobala ndi tsiku la anakubala, ndipo ndi tchuthi. Masitolo a zitenje ku Limbe amadzaza sabata yonse. Ambiri amatengera amayi awo kunyanja, kumene tsikulo kumakhala chinamtindi cha anthu, ndipo si kamodzi pamene chisangalalo chathera m'maliro chifukwa cha mowa ndi kusadziwa kusambira. Mayi wachikulire nthawi zambiri chimene amafuna ndi kuona ana ndi zidzukulu atakhala pamphasa imodzi pamthunzi, nkhuku yachikuda ili pamoto.

Maulendo opita n'kubwera tsiku lomwelo

Pali anthu obadwira mu Blantyre, mpaka kumera imvi, amene sadalowepo m'tchalitchi cha St Michael and All Angels, chonsecho amachidutsa tsiku lililonse. Mzindawu udayambira pamenepo mu 1876, pamene amishoni a Church of Scotland adakhazikitsa mishoni n'kuitcha dzina la mudzi umene David Livingstone adabadwira. Tchalitchicho chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, amene sadaphunzirepo za zomangamanga, ndipo njerwa zake zidaumbidwa ndi kuotchedwa ndi anthu akuno. Lowani masana a Okutobala mudzamve kuzizira kwa m'kati mwa makoma ochindikala aja, kenaka mudzifunse chifukwa chake nyumba zathu zatsopano zimatentha chonchi. Mandala House, yomangidwa mu 1882, komanso nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri n'zokwanira kudzaza tsiku limodzi la ana pa mtengo wochepa.

Amene miyendo ili bwino akwere Michiru, koma anyamuke kusanatenthe. Kumbali ya Chilomoni kuli Njira ya Mtanda imene Akatolika ndi ena amakwera popemphera, ndipo pamwamba pake mzinda wonse umaoneka, mpaka bwalo la ndege la Chileka.

Zomba ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 65, ndipo maminibasi ake amanyamukira ku Limbe. Mzindawu udali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo nyumba zakale za boma zikadalipo m'munsi mwa phiri, pakati pa mitengo ikuluikulu. Koma chokoka munthu m'chilimwe ndi phirilo. Nsonga yake imapitirira mamita 2,000, ndipo pamene mukukwera msewu wokhotakhota wopita ku Ku Chawe mumamva mphepo ikusintha pakhungu. M'mbali mwa msewuwo anyamata amagulitsa masitiroberi ndi tizipatso tam'tchire totchedwa mulunguzi, zimene kuchigwa sizimera. Pamwamba pali damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, dzenje la Chingwe ndi malo oonerapo patali otchedwa Emperor's View, pokumbukira Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia imene idafikapo mu 1965. Utsi wa lupsa umachepetsa zooneka, choncho nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje zimaoneka bwino m'mawa kapena kamvula kakangogwa. Pobwerera imani pamsika wa Zomba kapena pa Thondwe mugule za sabata yonse.

Ulendo wa ku Mulanje ndi umene ndingalimbikitse munthu amene ali ndi mpata wa ulendo umodzi wokha. Pitani kudzera ku Thyolo, mubwerere kudzera msewu wa Midima. Mukangodutsa Bvumbwe maso amapuma, chifukwa pamene dziko lonse lauma ndi kufiira, minda ya tiyi imakhala yobiriwirabe, ngakhale kuthyola kwenikweni kumadikira mvula. Esiteti ya Satemwa, imene idayamba mu 1923, imalandira alendo ofuna kuona mmene tsamba limasandukira tiyi wa m'kapu. Kuchoka apo phiri la Mulanje limayamba kukula kutsogolo kwanu mpaka kudzaza thambo. Nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002, ndipo si ya tsiku limodzi. Imafuna masiku angapo ndi wolondolera njira. Wa tsiku limodzi apite ku Likhubula, apeze wolondolera pa ofesi ya zankhalango, ayende pafupifupi ola limodzi kukafika pa Dziwe la Nkhalamba. Madzi ake amatsika pathanthwe kuchokera pamwamba pa phiri ndipo ndi ozizira mobaya m'mafupa ngakhale mu Okutobala. Dziwelo ndi lakuya ndipo lamezapo anthu, ambiri a iwo achinyamata obwera pa maulendo a sukulu ndi a mipingo. Wosadziwa kusambira akhale pamwala aviike miyendo, palibe manyazi pamenepo.

Ku Likhubula komweko mudzaona tinthu tosema tonunkhira bwino, ndipo ogulitsa adzakuuzani kuti ndi mkungudza. Mtengo umenewu ndi mtengo wa fuko lathu, umamera mwachilengedwe pa phiri la Mulanje pokha padziko lonse lapansi, ndipo ocheka matabwa mozemba adautha pafupifupi wonse. Kabokosi kamene mungagule ndi kamene kamatumiza munthu wina kukafunafuna chitsa chotsala. Gulani zinanazi.

Ulendo wa ku Majete ndi wa olimba mtima, chifukwa mumatsikira dala m'ng'anjo. Msewu wa ku Chikwawa umatsika zitunda zokhotakhota mpaka pa Thabwa, chigwa chonse cha Shire chili poyera kutsogolo kwanu, ndipo mukawoloka mlatho wa Kamuzu kutentha kumakulandirani. Koma nyengo yabwino yoonera nyama ndi yomweyi, pakuti udzu wauma, masamba ayoyoka, ndipo nyama zimasonkhana kumtsinje ndi pa zitsime. Nkhalango imeneyi, ya masikweya kilomita pafupifupi 700, idatsala pang'ono kutheratu nyama chifukwa cha opha mozemba. Bungwe la African Parks litayamba kuiyang'anira mogwirizana ndi boma mu 2003, lidabweretsamo zipembere, kenaka njovu mu 2006 ndi mikango mu 2012. Lero mwana wa ku Zingwangwa atha kuona njovu, njati, mvuu ndi mkango pamtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera kwawo, ndipo Amalawi amalipira ndalama yocheperapo polowa kusiyana ndi alendo akunja. Vuto ndi galimoto, popeza m'nkhalangomo simuyendedwa wapansi mwachisawawa; apa mpamene mabanja angapo, kwaya kapena gulu la banki m'khonde lingasonkhe n'kubwereka minibasi imodzi. Pafupi pomwepo pali mathithi a Kapichira, amene adatsekereza sitima ya Livingstone mu 1859, ndipo lero amapukusa makina a magetsi.

Madzi ndi mthunzi

Sitinganene za chilimwe cha Blantyre osatchula madzi. Mzinda uwu, umene pa kalembera wa 2018 udali ndi anthu pafupifupi 800,000, uli pamwamba, pomwe mtsinje umene umaumwetsa uli pansi. Madzi ambiri amatungidwa mu Shire pa Walker's Ferry, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda, n'kukankhidwa chokweza ndi mapampu oyendera magetsi, ndipo magetsiwo amachokera mumtsinje womwewo, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Damu la Mudi limangowonjezera pang'ono, ndipo kuyambira mu 2019 madzi ena amabwera m'mapaipi kuchokera ku Likhubula. Nchifukwa chake magetsi akazima mipopi ya m'madera okwera imayamba kuuma, nthawi yomwe aliyense akufuna kusamba kawiri. M'makomboni ambiri chilimwe chimatanthauza amayi ndi atsikana pamzere wa zigubu usiku usanathe, ndipo kwa mabanja ena ndi pamene ufa umayamba kuchepa mtengo wa chimanga ukukwera. Wokhala ndi thanki pabwalo asaiwale zimenezi mnansi akagogoda ndi ndowa.

Mthunzi nawo sudagawidwe mofanana. Yendani masana ku Sunnyside kapena ku Namiwawa, kenaka mupite ku Mbayani kapena ku Makhetha, thupi lidzakuuzani kusiyana kwake. Kumene kuli mitengo anthu amasewera bawo panja, ana amagona masana, malonda amayenda. Kumene kulibe, nyumba yamalata siloŵeka mpaka usiku. Akuluakulu akukumbuka phiri la Ndirande lili ndi nkhalango. Lero ndi miyala ndi minda. Michiru nayo yadulidwa kwambiri m'zaka zaposachedwapa. Zimene zidachitika ku Chilobwe mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu, zidaonetsa kuti phiri lopanda mitengo limavutitsa kawiri, m'chilimwe ndi m'dzinja.

Chakumapeto kwa Okutobala kapena kuchiyambi kwa Novembala mitambo imasonkhana, bingu limagunda, ndipo kumagwa chizimalupsa. Fumbi limagona, mapiri amaonekanso bwino, ndipo pakapita masiku ngumbi zimayamba kuuluka pa magetsi a panja, ana ali nazo ndi mabeseni. Mlimi wodziwa sadzala ndi mvula imeneyi, chifukwa dzuwa limabweranso mwaukali kwa masabata angapo. Koma ndi chizindikiro chokwanira choti mukumbe dzenje pabwalo panu. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imatsegulidwa pa 15 Disembala ndipo imafika mpaka pa 15 Epulo. Mbande za mango omezanitsa zimapezeka kwa ogulitsa mbande m'mbali mwa misewu ya mumzinda, ndipo zimayamba kubereka patangopita zaka zitatu kapena zinayi. Njere za masuku zokha sizichedwa kufa zikauma, choncho zifeseni m'machubu sabata yomweyo imene mwadya chipatsocho, ndipo mufese zingapo kuti pakati pake papezeke mtengo waukazi.